Botolo Limene Linadikira Zaka 103

M'chaka cha 1944, moto wa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse utafika m'chigawo cha Tuscany, pakati pa dziko la Italy, mlimi wina wa pa phiri la Montalcino, dzina lake Tancredi Biondi Santi, anaitana mwana wake Franco natsika naye m'chipinda cha pansi pa nthaka cha pa munda wawo. M'menemo anamanga khoma latsopano, natseka nalo mbali imodzi kuti wobwera aziyesa kuti chipinda chathera pomwepo. Chuma chimene anabisa kuseri kwa khomalo chinali mabotolo a vinyo wofiira, ena mwa iwo opangidwa ndi atate ake a Tancredi m'zaka za 1888 ndi 1891. Magulu a nkhondo anadutsa, mabotolo napulumuka. Patapita zaka 50, mu 1994, Franco uja, tsopano ali mkulu wa zaka 72, anaitana akatswiri olemba nkhani za vinyo nawatsegulira ena mwa mabotolo omwewo. Vinyo wa 1891, amene anali atatha zaka 103 ali chigonere mumdima, anapezeka akadali wabwino kumwa, ndipo alendowo anamutamanda koposa.

Ndikudziwa kuti wowerenga wa kwa Dambe kapena kwa Chekucheku afunsa kuti, kodi za vinyo wa Azungu zatikhudza bwanji ife a ku Neno? Funsoli n'loyenera. Ambiri m'boma lino sakhudza chakumwa choledzeretsa cha mtundu uliwonse, makamaka iwo amene anakulira m'chiphunzitso cha mishoni ya Matandani, imene a Seventh-day Adventist anaikhazikitsa mu 1908. Ena vinyo amangomuonera paguwa, m'chikho cha wansembe, monga zakhala zikuchitikira chitsegulire ansembe a chipani cha Montfort mishoni ya Neno mu 1906. Tsono ine sindinadze kudzakopa munthu kuti ayambe kumwa. Chimene chandichititsa kulemba ndi ichi: mphesa ndi chipatso chimene chimaola pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri chichokere mumtengo, chimodzimodzi manachesi athu, koma anthu a ku Montalcino anapeza njira yosandutsira chipatso chosakhalitsacho kukhala chuma chimene agogo amasiyira adzukulu. Ife manachesi athu timawaona chaka ndi chaka akuphwanyika ndi kuolera m'madengu pa Zalewa, mwini wake atasasa mawu n'kuitanira magalimoto. Kusiyana kumeneku kuli ndi zifukwa zake, ndipo zina mwa izo si zimene anthu amafulumira kutchula.

Tiyambe ndi liwu lomwelo. "Vinyo" tinabwereka kwa Apwitikizi, amene amati vinho, monganso "kachasu" anachokera ku liwu lawo lakuti cachaça. Ndipo izi n'zosadabwitsa kwa ife okhala m'malire ndi dziko la Mozambique. Kapangidwe kake sikasiyana kwenikweni ndi kafulidwe ka mowa wa masese. Mphesa zikapsa amazithyola nazifinya, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa yisiti, timadya shuga wa m'madzi a mphesazo n'kumusandutsa mowa. Madzi a mphesa pa okha ngoyera, ngakhale mphesazo zikhale zakuda bii. Kufiira kumachokera m'makoko, amene amawasiya kuti aviikike m'madzimo kwa masabata awiri kapena atatu. Pamodzi ndi kufiirako, m'makoko ndi m'njere mumatulukanso chinthu china chimene akatswiri amachitcha tannin. Aliyense amene analumapo nthochi yosapsa, kapena kumwa tiyi wa ku Thyolo wowiritsitsa wopanda mkaka, tannin amamudziwa: ndi uja amamanga m'kamwa ndi kukhakhalitsa lilime.

Apa ndiye pagona nkhani. Masese akagona masiku atatu kapena anayi amasasa, pakuti mulibe chowateteza ku mpweya ndi ku tizilombo tina timene timasandutsa mowa kukhala viniga. Kachasu saonongeka, koma ngakhale mutamusunga zaka 20 m'botolo adzatuluka monga analowera. Vinyo wa mphesa za mitundu ina amachita zosiyana ndi onsewa. Tannin pamodzi ndi asidi wa m'chipatso amamuteteza, ndipo kampweya kochepetsetsa kamene kamalowa kudzera m'matabwa a mgolo ndi m'chitsekero cha botolo kamamusintha pang'onopang'ono. Ukali wa m'kamwa uja umaphwa, mtundu umachoka pa kufiira kwa magazi kunka ku mtundu wa njerwa yootcha, pansi pa botolo pamadikha nsenga, ndipo fungo la chipatso chachiwisi limasanduka fungo limene olawa amalifanizira ndi masamba ouma, fodya wa m'chigafa kapena chikopa chofufuta. Koma tisanamizane. Vinyo wochuluka wa pa dziko lapansi, kuphatikizapo wambiri amene timamuona m'masitolo a ku Blantyre ndi Lilongwe, anapangidwa kuti amwedwe pasanathe zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo woteroyo mukamusunga amangofooka. Okhalitsa ndi owerengeka. Ku Italy otchuka kwambiri ndi Barolo ndi Barbaresco, ochokera ku mphesa ya Nebbiolo m'chigawo cha Piedmont, ndiponso Brunello wa ku Montalcino, wochokera ku mphesa ya Sangiovese.

Chiyambi cha Brunello chili m'banja limodzi. Mu 1869, Clemente Santi analandira mendulo pa chionetsero cha zaulimi ku Montepulciano chifukwa cha vinyo wake wa 1865. Mwana wake wamkazi, Caterina, anakwatiwa ndi Jacopo Biondi, ndipo mwana wawo Ferruccio anaphatikiza maina awiriwo nakhala Biondi Santi. Onani kuti munda unadzera kuchikazi, monga zimakhalira m'midzi yambiri kuno kwathu. Masiku amenewo alimi a ku Tuscany ankasakaniza mphesa za mitundumitundu, zoyera ndi zakuda, kuti vinyo afewe msanga, amwedwe chaka chomwecho. Ferruccio anatenga njira yakeyake. M'munda wake wa Greppo anasankha Sangiovese yekha, namuchulukitsa kuchokera ku mipesa imene anaiona kuti ndi yolimba, ndipo vinyo wake ankamusunga zaka zingapo m'migolo ikuluikulu ya matabwa asanamuthire m'mabotolo.

Chimene chimandigwira mtima pa banjali ndi kudziwa kwawo kukana. Vinyo wa dzina lapamwamba, wotchedwa Riserva, ankamupanga m'zaka zokhazo zimene nyengo inayenda bwino, ndiponso kuchokera ku mipesa yokhayo imene yapyola zaka 25. Kufikira kutha kwa nkhondo, zaka zimene mbiri imatchula ndi zinayi zokha: 1888, 1891, 1925 ndi 1945. Mu 2002 ku Tuscany kunagwa mvula yoononga mphesa, ndipo Franco anakana kuika dzina la Brunello pa botolo lililonse la chaka chimenecho. Vinyoyo anamugulitsa ndi dzina lotsikirapo, pa mtengo wotsikanso. Taganizani mlimi wa fodya akukana yekha kuika chizindikiro chake pa mabelo a chaka chathunthu, popanda wa ku okushoni womuuza, chifukwa tsamba silinafike pamene iye amafuna. Franco anataya phindu la chaka chimodzi, koma ogula anatsimikiza kuti dzina limenelo likalembedwa pa botolo silinama. Mbiri yotereyi ndiyo inachititsa kuti mu 1969, pamene Pulezidenti Giuseppe Saragat ankachereza Mfumukazi Elizabeth II ku nyumba ya kazembe wa Italy mu London, patebulo paikidwe Riserva wa 1955 wa ku Greppo.

Khalidwe la banja limodzi linadzasanduka lamulo la dera lonse. Mu 1966, chaka chomwe makina a magetsi a pa Nkula anayamba kuzungulira mu Shire, boma la Italy linalemba Brunello di Montalcino m'kaundula wa maina otetezedwa ndi lamulo. Mu 1967 alimi 25 anapanga bungwe loyang'anira dzinalo, ndipo mu 1980 vinyoyu anakwezedwa pa mlingo wapamwamba kuposa yonse, wotchedwa DOCG. Lamulo lake ndi louma. Mphesa zikhale za Sangiovese yekha, zolimidwa m'malire a Montalcino. Vinyo akhale m'migolo ya matabwa zaka zosachepera 2. Ndipo asagulitsidwe lisanafike tsiku la 1 January la chaka chachisanu chikololere. Mphesa zimene zinathyoledwa mu 2020 vinyo wake analoledwa kutuluka mu 2025, ndipo Riserva amadikira chaka china pamwamba pake. Barolo nayenso amadikira miyezi 38, ndipo 18 mwa imeneyi amaithera m'matabwa. Lero opanga Brunello aposa 200.

Botolo likachoka pa munda, ntchito imagwera wogula. Wosunga vinyo weniweni amagula bokosi la mabotolo 6 kapena 12 a munda umodzi ndi chaka chimodzi, nawagoneka m'nkhokwe yozizira, yamdima ndi yopanda kugwedezeka. Kuzizira kofunika ndi kwa madigiri 12 mpaka 14, usana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja, pakuti kusinthasintha kumaononga kuposa kutentha pang'ono kokhazikika. Mabotolo amagonekedwa chambali kuti vinyo azikhudza chitsekero. Chitsekerocho ndi khungwa la mtengo wina wa ku Portugal ndi Spain, umene amausenda kamodzi pa zaka 9 zilizonse, ndipo chikauma chimanyala, mpweya n'kulowa ngati mbala. Pakatha zaka 10 mwini wake amatsegula botolo loyamba nalemba m'buku zimene wapeza. Pakatha zina ziwiri kapena zitatu amatsegula lachiwiri. Amatero pofuna kudziwa nthawi imene vinyo wafika pachimake, chifukwa nayenso amakalamba n'kufa, ndipo wodikira mopyola muyeso amadzapeza madzi owawasa. Buku lija, pamodzi ndi malisiti osonyeza kumene botolo linagulidwa ndi kumene lakhala likugona, ndilo limapatsa botolo mtengo pa tsiku logulitsa, popeza wogula sangalawe asanalipire.

Mu 1927 Tancredi anayambitsa mwambo umene Ataliyana amautcha ricolmatura, ndiko kunena kuti kudzazanso. Ankatsegula mabotolo akale, nalawa, nathiramo vinyo wa chaka chomwecho pamene paphwera, naika chitsekero chatsopano. M'zaka za pambuyo pake osunga vinyo ankaloledwa kubwera ndi mabotolo awo ku Greppo, ndipo botolo lokhoza mayeso linkapatsidwa chikalata. Mayi wa kumudzi amene amatsitsa chimanga m'nkhokwe kuti aone ngati anankafumbwe alowa, namatanso pamene pang'ambika, sangadabwe nawo mwambo umenewu.

Nanga kuno zingatheke? Pa za kusunga, yankho ndi lalifupi. Ku Lisungwi ndi pa Zalewa mu October kutentha kumapyola madigiri 35. Kukumba chipinda pansi kumathandiza, koma dothi lakuya limasunga kutentha kofanana ndi kwa pakatikati pa chaka chonse cha deralo, ndipo kwathu kuno, ngakhale kumtunda kozizira kumene kumalimidwa tirigu ndi mbatata ya kachewere, mlingo umenewo uli pamwamba pa madigiri 14. Kwatsala firiji, koma magetsi athu, ngakhale amapangidwa pakhomo pathu pomwe pa Nkula ndi Tedzani, tonse tikudziwa m'mene amazimira. Kotero mphunzitsi mnzanga amene walandira botolo kuchokera kwa mlamu wake wa ku Johannesburg asaliike pamwamba pa kabati kuti lidikire ukwati wa mwana amene ali Sitandade 2. Kulima mphesa za vinyo nakonso n'kovuta, pakuti mvula yathu imagwa m'nyengo yotentha, pamene mphesa zimafuna kouma, ndipo chinyontho chimabweretsa matenda pa masamba ndi pa zipatso. Ku Dodoma m'dziko la Tanzania, kumene ndi kouma kuposa kuno, amishoni, ena mwa iwo ansembe a ku Italy, anabzala mipesa ndipo vinyo akupangidwa kufikira lero.

Tisaganizenso kuti ku Italy zonse zayenda mwamyaa. Mu 1986 amalonda ena a ku Piedmont anathira methanol, mowa wapoizoni, mu vinyo wotsika mtengo kuti akhale waukali. Anthu pafupifupi 20 anafa, ena anachita khungu, ndipo maiko akunja anayamba kukana vinyo wa dziko lonselo, wa olungama ndi osalungama omwe. Mu 2008 oimira boma pa milandu ku Siena analanda vinyo wa opanga Brunello ena amene ankawaganizira kuti akusakaniza mphesa zosaloledwa; pamapeto a chaka chomwecho alimi anaponya voti, ndipo ochuluka anasankha kuti lamulo la Sangiovese yekha likhalebe. Mu December 2012 munthu amene kale ankagwira ntchito pa munda wa Gianfranco Soldera analowa usiku m'nkhokwe natsegula mipope ya migolo, ndipo malita oposa 60,000, zokolola za zaka 6, anathera m'ngalande. Chuma chodikira chimakhala pangozi nthawi yonse imene chikudikirayo.

Tsono tifike pa funso limene ine ndimaliona kuti ndilo lalikulu. Anthu akamva nkhani ngati iyi amathamangira mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, nayamba kudzudzula mlimi wa kwathu kuti ndi wosaleza mtima, amagulitsa manachesi akadali mumtengo kwa mavenda. Chidzudzulo chimenechi ine sindichivomereza. Kudikira kuli ndi mtengo wake, ndipo payenera kukhala wolipira. Wopanga Brunello amalipira antchito, amagula migolo ndi mabotolo, amadya ndi kuvala zaka 5 asanaone ndalama ya mphesa za chaka chino. Amatha kutero chifukwa m'nkhokwe mwake muli kale zokolola za zaka zam'mbuyo zimene zikutuluka chaka chilichonse, chifukwa amagulitsanso vinyo wamng'ono, Rosso di Montalcino, amene amaloledwa kutuluka pakangotha chaka chimodzi, ndiponso chifukwa banki imakongoza munthu amene ali ndi chikalata cha munda. Mlimi wa kwa Mlauli amene mwana wake wabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi alibe chimodzi mwa izi. Manachesi onse a m'deralo amapsa pa nthawi imodzi, msewu wotulukira ku boma wakhala ukudandaulitsa anthu kwa zaka zambirimbiri, ndipo wobwera ndi galimoto ndiye amatchula mtengo.

Ngakhale ku Montalcino komweko, odikira sanali anthu wamba. Kufikira m'zaka za m'ma 1960 deralo linali limodzi la madera osauka a ku Tuscany. Alimi ambiri ankakhala m'minda ya eni malo pa pangano lotchedwa mezzadria, lakuti theka la zokolola lizipita kwa mwini munda, chinthu chimene agogo athu odziwa thangata, kapena matenanti a m'maesiteti a fodya, akadachizindikira msanga. Mu 1964 boma linaletsa mapangano atsopano a mtundu umenewu, ndipo mabanja ambiri anasiya minda kunka ku matauni. A Biondi Santi anatha kudikira chifukwa munda unali wawo. Ena mwa alimi amene anatsalira, nagula zigawo za minda imene kale ankalima ngati matenanti, ndiwo makolo a mabanja angapo opanga Brunello lero. Munthu sabzala mtengo wobala pakatha zaka zambiri pa malo amene akudziwa kuti mawa akhoza kuthamangitsidwapo, ndipo nkhani imeneyi si yachilendo kwa mkamwini aliyense wa m'boma lino amene anaganizapo zobzala malalanje kumudzi kwa mkazi wake.

Chilipo chinthu chimodzi chimene sichifuna banki, ndipo ndicho ndikufuna aphunzitsi anzanga ndi achinyamata omaliza sukulu achiganizire. Chimenechi ndi dzina, pamodzi ndi zolembedwa zimene zimaliikira umboni. Boma la Neno linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, koma pa msika wa ku Limbe chipatso chathu chimatchedwabe manachesi a ku Mwanza. Anzathu a ku Karonga mpunga wawo wa Kilombero uli ndi dzina limene wogula amalifunsa, ndipo khofi wa Mzuzu amadziwika kutsidya kwa nyanja chifukwa alimi ang'onoang'ono anagwirizana pa dzina limodzi ndi muyeso umodzi. Dzina lotere limayamba ndi kulemba: mtengo uwu unabzalidwa chaka chakuti, mbewu inachokera kwakuti, chaka chino wabala madengu akuti, mvula inayamba tsiku lakuti. Ferruccio anasankha mipesa yabwino chifukwa anaiyang'anitsitsa zaka zambiri. Ndi sukulu zingati m'boma lino zimene zili ndi munda wa zipatso wokhala ndi buku lake? Ana timawaphunzitsa kumezanitsa mitengo pa bolodi kuti akakhoze mayeso a MSCE, koma mtengo wa nachesi wokoma kuposa yonse m'mudzi mwawo umakalamba n'kuuma popanda wotengako nthambi.

Zoyesayesa zilipo ndithu. Kwa Kam'mwamba, m'zaka za m'ma 1990, anthu a m'midzi anayamba kupanga chakumwa cha malambe ndi bwemba n'kumachithira m'mabotolo, mothandizidwa ndi bungwe losamala zachilengedwe. Ku Lilongwe banja la a Ngwira linayambitsa vinyo wa Linga kuchokera ku zipatso za konkuno monga jambula, magwafa ndi chidede. Vinyo wa zipatso zotere sakhala zaka 100, ndipo sindikunena kuti manachesi asanduke mowa. Madzi a zipatso, jamu ndi makoko oumitsa nazonso zimatalikitsa moyo wa chipatso kuchoka pa sabata kufika pa miyezi, ndipo miyezi imeneyo ndi yokwanira kuti mlimi akane mtengo wachipongwe.

Banja la Biondi Santi nalo silinagwire munda wawo kosatha. Franco anamwalira mu 2013 ali ndi zaka 91, ndipo pofika kumapeto kwa 2016 olowa m'malo mwake anagulitsa gawo lalikulu la Greppo ku kampani ya ku France yotchedwa EPI. Ogulawo analipira nthaka, mipesa ndi migolo, komanso dzina lija ndi mabotolo akale a m'nkhokwe, kuphatikizapo owerengeka a 1888 ndi 1891 amene anatsala. Pa botolo dzina likadali la Biondi Santi.

M'chigawo chotsatira tidzalowa m'munda wa manachesi wa kumtunda kwa Neno, kuti tione kusiyana kwa mtengo womera ku njere ndi womezanitsa, ndi zaka zimene uliwonse umatenga usanayambe kubala.